Za Makompyuta: Kuthamanga Si Kufika

M'maofesi ambiri a magulu a alimi muli kompyuta imodzi yokha, ndipo kawirikawiri imakhala yakale. M'menemo ndi mmene mumasungidwa mayina a mamembala, kaundula wa ngongole ndi mitengo ya zokolola. Ikayamba kuchedwa, sipalephera kupezeka wachinyamata amene anamvapo za overclocking, komwe ndi kukakamiza purosesa kuthamanga kuposa liwiro limene opanga anaiikira. Lusoli ndi lenileni, koma ongoyamba kumene amaphonya pa mfundo zinayi.

Poyamba, amaganiza kuti purosesa iliyonse imalola. Liwiro lake limapezeka pochulukitsa manambala awiri: 100 MHz kuchulukitsa ka 35 imapereka 3.5 GHz. Wofuna liwiro lalikulu amakweza nambala yachiwiriyo mu BIOS. Koma kuyambira mu 2011, pa mapurosesa a Intel nambalayi imasinthika momasuka makamaka pa okhala ndi chilembo K kapena X, monga Core i5-2500K. Mapurosesa ambiri a Ryzen, amene AMD inayamba kugulitsa mu 2017, amalola. Malaputopu ndi makompyuta ambiri a m'maofesi ndi otsekedwa, choncho kulimbana nawo ndi kutaya nthawi.

Kachiwiri, amalumpha. Kuchoka pa 35 kufika pa 45 nthawi imodzi kungachititse kuti kompyuta isayakenso. Njira yabwino ndi kukweza ndi nambala imodzi, kuyesa, kenako kukwezanso. Ikakana kuyaka, mankhwala ake ndi kuizula ku magetsi ndi kuchotsa kwa mphindi zingapo kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo kamene kali m'kati mwake. Zikatero BIOS imabwerera mwakale.

Cholakwa chachitatu ndicho choopsa kwambiri: kuwonjezera mavoti mosasamala. Kutentha kumakwera mofulumira kuposa mavotiwo, moti kuwakweza ndi 10 pa 100 kumawonjezera kutentha ndi pafupifupi 21 pa 100. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo phindu lonse limathera pomwepo. Mavoti ochuluka amaifooketsanso pang'onopang'ono, ndipo opanga salipira purosesa yowonongeka mwa njira imeneyi. M'chipinda cha malata, m'mwezi wa Okutobala, fani yodzaza fumbi singaziziritse purosesa yotere.

Chachinayi ndi kukhutira msanga. Kuyaka kwa kompyuta si umboni wakuti zonse zili bwino. Iyenera kuyesedwa kwa maola angapo ndi pulogalamu yolemetsa monga Prime95, uku kutentha kukuyang'aniridwa. Purosesa yosakhazikika imatha kulakwitsa masamu mwakachetechete ndi kuwononga mafayilo, ndipo msungichuma amadzazindikira tsiku logawana ndalama, kaundula atakana kutseguka.

Choncho wachinyamata wofuna kuphunzira asaletsedwe, koma aphunzirire pa kompyuta imene mulibe chuma cha anthu. Ya gulu imafuna chithandizo china. Nthawi zambiri chimene chimaichedwetsa si purosesa ayi, koma hard disk yakale ndi kuchepa kwa RAM. Kuikamo SSD, kuwonjezera RAM, kupukuta fumbi ndi kuchotsa mapulogalamu osafunika kumabweretsa kusintha kooneka ndi maso popanda chiopsezo. Ndipo munthu asanatsegule bokosilo, kaundula yense ayambe wakoperedwa pa fulashi, ndipo fulashiyo isungidwe ndi mlembi wa gulu.