Lilime lofiira si umboni wa chipatso

Dzuwa la Okutobala ku Chipata silisankha munthu. Nthawi ya buleki ikakwana, pa geti la sukulu, kaya ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, upeza amayi atakhala pambali pa cooler box, ana atawazungulira, aliyense K1 yake m'manja. Uyu afuna yofiira, uyo yachikasu, winayo yobiriwira. Mng'ono wanga wa Giredi 4 ali m'gulu lomwelo. Tsiku lina nditamufunsa chimene anadya ku sukulu, anatulutsa lilime lofiira kuti psuu, n'kundiuza kuti wadya strawberry.

Mwanayo sananame. Ndi mmene tonse timazitchulira: ya orange, ya pineapple, ya strawberry. Koma amene anaonapo ma ice block ambiri a m'komboni akupangidwa adziwa zimene zimalowa m'ndowa. Madzi, shuga, timadontho ta fungo, ndi kaufa kopereka mtundu. Ena amasungunula juwisi wa m'sitolo mpaka atatsala mtundu wokha. Chipatsocho chilipo dzina chabe.

Ndiye thupi lipezamo chiyani? Madzi ozizira, inde, ndipo pa dzuwa lija sindiwapeputsa. Kenako shuga, amene amapereka mphamvu ya kanthawi, basi. Mulibe zomanga thupi, mulibe zoonjezera magazi, mulibe chokhalitsa m'mimba. Mu 2015 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza kuti shuga wothira mu zakudya ndi zakumwa asafike 10 peresenti ya mphamvu imene munthu amadya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kapena masupuni a tiyi 12, ndipo anati theka la pamenepo ndiye bwino koposa. Kwa mwana malire ake ndi otsikirapo. Manje werengani nokha: masupuni a mu tiyi wam'mawa, ma ice block awiri pa buleki, bisiketi pobwerera kunyumba.

Mnzanga wina ananditsutsa kuti shuga wa m'Zambia ali ndi vitamini A. N'zoona, lamulo loti shuga wa pakhomo aziikamo vitaminiyu lilipo kuyambira 1998. Koma lamulolo linabwera kuti shuga amene tinali kudya kale akhaleko ndi phindu, osati kuti tizimwetsa ana madzi a shuga ngati mankhwala. Mango lakupsa, papaya ndi kandolo wachikasu mkati zimapereka vitamini yemweyo, n'kukhutitsanso.

Chimene chimandivutitsa mtima kwambiri ndi K1 ija. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'dziko muno ndi opinimbira. Ice block sindiye inawapinimbiritsa, ayi. Koma m'dziko lotere, mwana amene wachoka kunyumba osadya kanthu, ndalama yokhayo ya m'thumba n'kuthera pa madzi a mtundu, waluza. Ndipo tili ku Eastern, kwawo kwa nshawa. Amayi omwewo nthawi zambiri amakhala ndi nshawa zokazinga pa lichero pafupi ndi cooler box, koma maso a mwana amathamangira kofiira.

Za mtunduwo ndingonena pang'ono. Ku European Union, kuyambira 2010, chakudya chokhala ndi mitundu ina yoikamo, monga tartrazine ndi sunset yellow, chimayenera kulembedwa chenjezo lakuti chingasokoneze kukhazikika kwa ana. Kapulasitiki kathu komanga mfundo kalibe chilembo n'chimodzi chomwe.

Nkhani yaikulu kuposa mtundu ndi madzi. Ambiri timaganiza kuti chinthu chikauma mu firiji ndiye kuti chayera. Kuzizira kumangogoneka tizilombo, sikutipha tonse. Amene anaona kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, mpaka masukulu kuchedwa kutsegulidwa kufika mu Febuluwale 2024, sayenera kuchita manyazi kufunsa wogulitsa ngati madzi anawiritsa kapena anathira klorini. Onjezanipo kuti kapulasitikiko timakang'amba ndi mano, kunja kwake kutagwidwa ndi manja amene akulandiranso ndalama. Ndipo malaiti akapita maola ambiri monga zinalili mu 2024, katundu amasungunuka n'kuumanso, mawa n'kubwera pa geti ngati watsopano.

Sindikunena kuti akhonsolo athamangitse amayiwa. Cooler box ija ndi imene imagula sopo ndi makope m'nyumba zambiri, ndipo ine ndemwe ndinakulira ma ice block, sindinama. Ndikunena kuti zipatso tili nazo, ndipo ena amapanga kale ice block yeniyeni. Ya malambe, amene anzathu a ku Lusaka amati mabuyu, ndiyo chitsanzo. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambiri kuposa lalanje, ulinso ndi kashiamu, ndipo suwonongeka msanga chifukwa ndi wouma. Amachokera pafupi pomwepa, kuchigwa kwa Mambwe. Bwemba nayenso amachita bwino mu ayisi. Nanga mango? Mu Disembala amagwa n'kuwolera pansi pa mitengo, mbuzi mpaka kutopa nawo, pamene ana athu akuyamwa fungo la mango lochokera m'botolo. Kusenda, kusinja ndi kuumitsa mu firiji sikufuna fakitale, ndipo kuzizira kumasunga mavitamini ambiri a chipatso.

Ya malambe nayo si mngelo. Malambe ndi owawasa, choncho opanga amathiramo shuga wambiri, ndipo kuwawasa pamodzi ndi shuga, mwana n'kumayamwa pang'onopang'ono kwa mphindi zambiri, mano amavutika. Imodzi pa tsiku, kenako madzi otsukira mkamwa. Komabe pamenepo mwana walipira chinthu chimene chinamera pa mtengo.

Wogulitsa amapanga chimene chikuyenda malonda. Ngati ife achinyamata, amene timagula tikamatsika minibasi kapena pochoka ku mpira, tiyamba kufunsa ya malambe ndi ya mango, n'kuvomera kuwonjezerako kandalama, mawa idzakhala pamwamba mu cooler box. Kwathu ndayambira pa mng'ono wanga uja. Ndimamupatsa K2, pangano lathu n'lakuti imodzi igule nshawa. Inayo ndi yake, ndipo dzulo wabweranso lilime lili psuu.