Musanataye sipika, ifunseni kaye

Sabata yatha kuno ku Meluluca mphwanga anatsala pang'ono kutaya sipika yake ya Bluetooth imene anagula ndi ndalama za usipa. Inkakana kulumikizana ndi laputopu, pamene ukwati unali mawa lake. Ndalama ya ulendo wa kwa okonza ku Metangula anali atakongola kale.

Ndinati taima kaye. Laputopuyo ili ndi Linux, kotero tinatsegula terminal, kazenera kakuda kolembamo malamulo. Tinayamba ndi "rfkill list" kuti tione ngati Bluetooth yatsekedwa. Inali yotseguka. Kenaka tinayatsa sipika kuti idzionetse, n'kulemba "bluetoothctl" ndi "scan on". Dzina lake linatulukira pamodzi ndi nambala yake. Apa mtima unakhala pansi, pakuti sipika yakufa siyankha.

Vuto linali lakuti sipika inaiwala kiyi wakale, laputopu ikumukumbukirabe. Tinalemba "remove" ndi nambala ija, n'kuisakanso, kenaka "pair", "trust" ndi "connect". Nyimbo inalira.

Zikanakanikabe tikanatsegula "btmon", amene amaonetsa uthenga wonse wa Bluetooth wodutsa m'kompyuta, ngakhale kuti ameneyo ngolongolola kwabasi.

Ndalama ya ulendo ija tinagulira mafuta a jenereta.