Diso la kamera ndi dothi la ku Malingunde

Omvera athu, ndemanga yathu lero ikuyambira ku Malingunde, m'dera la Mfumu Yaikulu Masumbankhunda m'boma la Lilongwe. Ambiri timakudziwa kumeneku chifukwa cha madamu awiri a Kamuzu, komwe kumachokera madzi amene anthu a mu mzinda amamwa. Koma pansi pa minda ya chimanga ndi mtedza ya kumeneko pali graphite, mwala wakuda wonyezimira uja amapangira mtima wa pensulo. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza mu 2018 kuti mgodi wa pamenepo ungatulutse matani 52,000 pa chaka kwa zaka 16, ndipo mwalawo uli m'dothi lofewa loti katapila angofukula, osachita kuphulitsa. Mu 2023 ntchitoyi inapita m'manja mwa kampani ina ya NGX. Mgodiwo sunatsegulidwe, choncho matani onsewo akadali fodya wa pachala, uja akuluakulu amati ngwamphepo.

Ofuna mwalawu akuufunira mabatire a mafoni, a magetsi a dzuwa ndi a galimoto zoyendera magetsi. Tiyeni tiutsatire kumene umathera, chifukwa kumeneko n'kumene kuli phunziro.

Ukafika ku fakitale, graphite amamupera, kumubulungiza kukhala timibulu tosaoneka ndi maso, ndi kumuyeretsa mpaka pa magawo 10,000 alionse, zinyalala zisapose magawo asanu. Kenako amamusakaniza kukhala ngati phala n'kumupaka pa nsalu ya mkuwa yopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Nsaluyo imathamanga pa makina mamita makumimakumi pa mphindi imodzi, usana ndi usiku. Palibe munthu angaiyang'anitsitse osaphethira. N'chifukwa chake pamwamba pake amandandalikapo makamera ndi nyale zowala kwambiri, zina zounikira chammbali kuti kakhwinya kalikonse kachite mthunzi. Kamera imajambula mzere ndi mzere, kompyuta n'kumaona ngati pali kabowo, kathovu, pokalika, m'mphepete mokhota, kachitsulo kogweramo, kapena mbulu wonga wa mu nsima yophikidwa mothamanga. Ikapeza, imaika chizindikiro, ndipo chigawo chimenecho chimadulidwa n'kutayidwa. Batire likakulungidwa n'kutsekedwa, kamera wamba sionanso zam'kati, ndiye amaliunika ndi X-ray monga achitira ndi mwendo wothyoka ku chipatala.

Mwina mukuti n'kukokomeza. Ayi. M'kati mwa batire, mbali ziwiri zonyamula mphamvu zimalekanitsidwa ndi kapepala kopyapyala zedi. Kachitsulo kakangokaboola, mbali ziwirizo zimakhudzana, kutentha kumakwera, moto buu! Mu 2006 mabatire a Sony a m'makompyuta a m'manja oposa 9 miliyoni anaitanidwa kuti abwezedwe chifukwa cha tizitsulo totere. Mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni 2.5 miliyoni a Galaxy Note 7 atayamba kuyaka, ndipo pomaliza inasiyiratu kuwapanga. Mu 2021 kampani ya ku America ya General Motors inaitanitsa galimoto zoposa 140,000 za Chevrolet Bolt. Chinalakwika n'chiyani? M'mabatire ena, kalilime ka chitsulo kanang'ambika, kapepala kolekanitsa kaja kanapindika, zonse ziwiri m'batire limodzi. Kampani ya LG, yomwe inapanga mabatirewo, inavomera kulipira mpaka madola 1.9 biliyoni. Ndalama zonsezo, kaamba ka kapepala kopindika.

Mlimi wa fodya wa ku Mitundu kapena ku Nathenje nkhaniyi sangaidabwe. Iye amakhala m'chigafa masiku ambiri, kusankha tsamba ndi tsamba, lofiira pakelokha, lamawanga pakelokha, kumanga mindindi, kudinda belo pa jeke. Belo lija likafika ku okushoni ku Kanengo, wogula amasolola mndindi umodzi, n'kupeza kaulusi ka thumba la feteleza kapena nthenga ya nkhuku, basi belo labwerera. Thukuta ndi la mlimi, koma diso ndi la wogula, ndipo mwini diso ndiye amatchula mtengo. Takhala tikulira nazo zimenezi zaka zambiri.

Ndiye funso lathu pa graphite wa ku Malingunde ndi lomwelo: diso lidzakhala la yani? Mtengo wa mwalawu umatengera kukula kwa tizidutswa take ndi kuyera kwake. Msonkho umene boma lingatolere umatengera mtengowo. Mu October 2025 boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosayenga, ndipo ambiri tinaomba m'manja. Koma thumba la graphite likafika pa chipata cha dziko, adzatsimikize ndani kuti uyu ndi woyenga, uyu ayi, uyu ndi wa giredi yapamwamba, uyu ndi wotsika? Wa kasitomu sangadziwe pongopisamo dzanja. Makampani a migodi amakhala ndi malabotale awo, ndipo Sovereign Metals ili nayo yake ku Lilongwe komwe kuno. Zimenezo n'zabwino, ana athu ena apezako ntchito ndi luso. Komabe sikelo ya wavenda ndi ya wavenda. Mayi wanzeru wogulitsa soya amayamba wayeza kwawo asanapite nayo pa msika.

Tisanamizane kuti mawa pa Nathenje pamangidwa fakitale ya mabatire. Ntchito imeneyo imafuna magetsi osaphethira ndi zipinda zouma kuposa chipululu. Dziko la China ndilo limayenga pafupifupi graphite yense wa m'mabatire pa dziko lapansi. Anzathu a ku Mozambique ali ndi mgodi waukulu ku Balama, koma mwala wawo umakayengedwera kunja, wina ku Vidalia m'dziko la America. Ngakhale kampani ya Northvolt ya ku Sweden, ndi ndalama zake zankhaninkhani, inagwa mu March 2025 italephera kupanga mabatire abwino ochuluka monga inalonjezera. Chimene tingathe ife ndi chaching'ono koma chili pafupi: labotale ya boma yokhala ndi zida zenizeni, ku nthambi yofufuza za miyala ku Zomba kapena ku bungwe loona za miyezo la MBS, yomwe zotsatira zake ogula akunja angazivomereze. Ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre achinyamata akuphunzira za migodi ndi kuyenga miyala. Awaphunzitsenso kuyeza, ndi kuphunzitsa kompyuta kuzindikira cholakwika, pakuti kamera ija sibadwa yodziwa. Pamakhala munthu amene anaionetsa zithunzi zikwizikwi, n'kumaiuza kuti ichi n'chilema, ichi ndi fumbi chabe. Mafumu ndi aphungu a ku Malingunde akadzakhala pansi ndi eni mgodi, pambali pa za chipukuta misozi cha minda ndi chitetezo cha madzi a m'madamu aja, adzafunsenso kuti ndi ana angati a m'deralo amene adzaphunzitsidwe ntchito ya mu labotale. Ulonda ndi kukankha wilibala tinazichita kale mokwanira.

Pali mbali inanso imene sitiilankhula. Mabatire amene alephera mayeso ku fakitale sikuti onse amaphwanyidwa. Ena amagulitsidwa motchipa ngati a giredi yachiwiri, n'kukalowa m'matochi, m'nyale za sola ndi m'timabokosi totchajira mafoni. Katundu wotchipa amapita kumene kuli ogula osauka ndi zipata zopanda woyeza. Taganizani: mwala wathu udzatuluka utasankhidwa bwinobwino, kenako n'kutibwerera uli m'batire limene kamera ya ku fakitale inalikana. Pamene njinga zamoto zoyendera magetsi zayamba kuoneka pakati pa akabaza, ndipo ku Golomoti kuli kale mabatire akuluakulu osungira magetsi a dzuwa, bungwe la MBS liyenera kukhala ndi njira yoyezera mabatire olowa m'dziko, chifukwa batire la njinga likayaka m'nyumba yaudzu usiku, sipakhala nthawi yotulutsa ana.

Inu omvera amene foni yanu yatukumuka kumsana mpaka mwachita kuimanga ndi mphira, batire limenelo lichotseni lero. Musalibaye ndi msomali, musaliponye pamoto, musagone nalo kumutu likutchajidwa. Pakadali pano woyeza mabatire amene tili naye ndi mnyamata wokonza mafoni pa msika wa Mitundu. Iye amalitulutsa, kuligoneka pa tebulo, n'kulikankha ndi chala pakona. Likazungulira ngati nguli, amakuuzani kuti bwana, ili latupa, gulani lina.