Za Mcere Womwazidwa pa Miseu ya ku Maiko a Cisanu

Inu eni makomo, ena a inu muli nao ana akukhala ku Britain, ndipo mwamva kwa iwo kuti Boma la kumeneko limwaza mcere pamseu monga munthu afesa mawere. Kapena mwaseka, nimunati, Ha, kuononga kwace! Musaseke msanga, pakuti m'nchitoyi muli nzeru, mulinso kupusa.

Cisanu cimene mucidziwa ku Dedza m'mwezi wa June ndi July cipsereza mbeu za kudimba usiku, ndipo dzuwa likakwera catha. Koma kumeneko, kuyambira November kufikira March, madzi a pamseu aundana nakhala ngati galasi, ndi magalimoto aterereka, naphedwa anthu. Tsono madzi a mcere saundana msanga; cifukwa cace akumba mcere wa m'thanthwe ku Winsford, m'dera la Cheshire, nauunjika cisanu cisanafike.

Mau anga ndi awa: mcere upindula ukathiridwa pa nthawi yace, ndi muyeso wace. Kapitao wanzeru afunsa za nyengo usana, natumiza magalimoto madzulo, mseu usanaundane. Pamenepo magalamu 10 akwanira pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Akayembekeza cipale cofewa, ndico cisanu coyera cakugwa kumwamba ngati thonje, aonjeza kufikira 20 kapena 40. Ena ayamba ausungunula m'madzi, magawo 23 mwa 100, kuti ukangamire pamseu, ungauluzike ndi mphepo ya magalimoto. Koma ikatsogola mvula, kuthiratu ndiko kutaya, popeza ukokoloka wonse. Alinde kufikira yakata. Ndipo wozengereza, wakufika cipale citapondedwa kale ndi kuuma, athira wocuruka napindula pang'ono.

Mcere wathu uwu uli ndi malire acenso. Kukazizira kufikira madigiri 10 pansi pa ziro, mphamvu yace icepa ndithu. Pamenepo a ku Canada atenga wina wochedwa calcium chloride, wa mtengo wace wapatali, kapena amwaza mcenga, umene susungunula kanthu koma upatsa matayala pogwira. Cipale cikazama, mankhwala onse alephera. Cifunika kukankhidwa, ndipo m'madera ambiri a Britain alimi apangana ndi Boma kukankha ndi mathirakitala ao m'miseu ya kumidzi.

Za kusamala nkhokwe sindiyenera kukuphunzitsani inu. M'mwezi wa January caka ca 2010 cisanu cinakula ku Britain, mcere nucepa, kotero kuti Boma linaugawa mosinira, ndi miseu yaing'ono yambiri inasiyidwa. Pambuyo pace akuru ofufuza mlanduwo analangiza kuti dera liri lonse liyambe nyengoyi liri nao wofikira masiku 12 a cisanu coopsa.

Kupusa kuli apa: alipo akuyesa kuti kuthira wambiri ndiko kusamala anthu. Ine, monga mlimi, nditsutsana nao. Mcere suola, supsa, sucoka. Cisanu cikasungunuka utsikira m'ngalande, nulowa m'mitsinje, m'zitsime ndi m'minda ya m'mbali mwa mseu. Uumitsa mitengo, ulimbitsa nthaka kuti madzi asalowe bwino, udyanso zitsulo za milatho. M'caka ca 2001 Boma la Canada, litayesa bwino, linapeza kuti mcere wa pamiseu uononga zomera ndi zamoyo za m'madzi. Ndipo mu 2004 linaika malangizo a kasungidwe ndi kathiridwe kace. Inu amene mwaona nthaka ya mcere m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mudziwa kuti cimanga sicikondwera pamenepo.

Sindinena kuti aleke, iai, pakuti odwala ayenera kufika ku cipatala ngakhale usiku wa cisanu. Ndinena kuti mulu wa mcere ukhale m'nyumba yofolera ya pansi pa simenti, mvula ingausungunule. Makina omwazira ayesedwe caka ndi caka nchito isanayambe. Ndipo pafupi ndi zitsime acepetse mcere, naike mcenga.