Namwino Wophunzira Kwina Akafika ku America: Kodi Kuyambira Pansi N'kulephera?

Mwezi uno pa tsamba lathu la ntchito ndi maphunziro tikambirana za anamwino amene anaphunzira ntchito yawo m'maiko ena, kenaka napita kukakhala ku United States of America. Ambiri a iwo amafika kumeneko ali ndi digiri kapena dipuloma, ena atatumikira kale zaka zambiri m'zipatala za kwawo. Koma akafika amapeza kuti pepala limene anali kulinyadira siliwalola kupereka ngakhale m'bulu umodzi wa mankhwala kwa wodwala. Pamenepo ena amasankha kuyamba atenga chiphaso cha unamwino wa udindo wocheperapo, kuti cha unamwino wathunthu adzachitenge pambuyo pake. Makolo akamva zimenezi amadandaula kuti mwana wawo watsitsidwa. Tiyeni tione bwino ngati dandaulo limeneli lili loyenera.

Magulu aŵiri a anamwino

Namwino wathunthu ku America amatchedwa Registered Nurse, mwachidule RN. Iyeyu ndiye amayamba kuona wodwala akangogonekedwa, nakonza dongosolo la chisamaliro chake, ndi kuyang'anira anamwino ena. Maphunziro ake amatenga zaka ziŵiri kufikira zinayi. Namwino wa gulu lachiŵiri amatchedwa Licensed Practical Nurse, mwachidule LPN, koma ku California ndi ku Texas amamutcha LVN. Maphunziro ake amatenga pafupifupi chaka chimodzi, ndipo amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi RN kapena dokotala. Amayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, amatsuka ndi kumanga mabala, amapereka mankhwala ambiri, ndipo amanena kwa omuyang'anira akaona kuti wodwala wasintha. Ambiri a ma LPN amagwira ntchito m'nyumba zosamaliramo okalamba ndi odwala matenda amgonagona.

Kusiyana kumeneku kumaonekanso pa malipiro. Ofesi ya boma la America yoŵerengera za ntchito, Bureau of Labor Statistics, inapeza kuti mu May 2024 malipiro apakati a RN anali madola 93,600 pa chaka, pamene a LPN anali madola 62,340. Tikati apakati tikutanthauza kuti theka la anamwinowo limalandira zoposa pamenepo, ndipo theka lina limalandira zocheperapo.

Njira yopezera chiphaso

Chiphaso cha unamwino sichichokera ku boma lalikulu la ku Washington. Chigawo chilichonse, monga New York, Texas kapena Florida, chili ndi bungwe lake la anamwino ndi malamulo ake. Koma mayeso ndi amodzi m'dziko lonse. Amatchedwa NCLEX, ndipo alipo a RN ndi a LPN. Amakonzedwa ndi bungwe la National Council of State Boards of Nursing, limene linakhazikitsidwa mu 1978. Kuyambira 1994 mayesoŵa amalembedwa pa kompyuta, ndipo kompyutayo imasankha funso lotsatira molingana ndi mmene munthu wayankhira funso lapitalo. Mu April 2023 anakonzedwanso kuti aziyesa kwambiri nzeru ya namwino posankha chochita pamene wodwala wasintha. Mafunso amakhala pakati pa 85 ndi 150, ndipo nthaŵi yake ndi maola asanu. Kulembetsa kumalira madola 200. Wolephera amadikira masiku osachepera 45, nalipiranso kuti abwereze.

Wophunzira m'dziko lina asanaloledwe kulemba mayeso, mapepala ake amayamba aunikidwa. Zigawo zambiri zimagwiritsa ntchito bungwe la ku Philadelphia limene linayamba mu 1977 ndi dzina lakuti CGFNS, ndipo mu 2025 linasintha dzina kukhala TruMerit. Mwini wake satumiza yekha mapepalawo. Sukulu imene anaphunzirako ndiyo itumiza mndandanda wa maphunziro ndi maola ake, ndipo bungwe limene linam'patsa chiphaso kwawo ndilo lichitira umboni. Kwa namwino wa ku Malaŵi limeneli ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Ntchito imeneyi imatenga miyezi, ndipo ambiri amafunsidwanso kukhoza mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEFL.

Chifukwa chake ena amayambira pa LPN

Chifukwa choyamba ndi chakuti bungwe la chigawo lingapeze kuti maphunziro a munthuyo ali opereŵera. Mwina maola a chisamaliro cha odwala matenda a maganizo, cha ana, kapena cha amayi oyembekezera sanakwanire monga mwa lamulo lawo. Nkhani yodziŵika bwino ndi ya anamwino a ku Philippines, dziko limene latumiza anamwino ambiri ku America koposa maiko ena onse. Kuyambira cha m'ma 2011 bungwe la ma RN ku California linalimbikira pa lamulo lakuti phunziro la m'kalasi ndi ntchito yake ya m'chipatala ziyenera kuchitika pa nyengo imodzi. Ambiri ophunzira ku Philippines anakanidwa pa chifukwa chimenechi, ngakhale anali ndi digiri ya zaka zinayi. Malo okakwaniritsirako maphunziro opereŵerawo anali ochepa ndiponso okwera mtengo. Popeza ku California ma LVN ali ndi bungwe lawo lapadera, limene limatha kulandira maphunziro ofanana ndi awo, ambiri analoŵera khomo limenelo.

Chifukwa chachiŵiri ndi kuvuta kwa mayeso a RN. Mu 2023, mwa anthu 100 alionse ophunzira ku America komweko amene analemba koyamba, pafupifupi 88 anakhoza, pamene mwa ophunzira m'maiko ena anakhoza ndi pafupifupi theka lokha. Izi sizitanthauza kuti alendowo ndi anamwino osadziŵa ntchito. Mayesowo amafunsa za kachitidwe ka zipatala za ku America: ntchito imene RN angapereke kwa womuthandiza, ufulu wa wodwala wokana chithandizo, ndi wodwala amene ayenera kuonedwa poyamba mwa odwala anayi. Namwino amene kwawo anazoloŵera kusamala yekha wodi yodzaza angayankhe mwanzeru monga mwa kwawoko, koma nalakwa monga mwa lamulo la kumeneko.

Chifukwa chachitatu ndi ndalama. Pamene mapepala akuunikidwa, lendi ya nyumba siyembekeza, ndipo ana amafuna chakudya. Wopanda chiphaso chilichonse amagwira ntchito ya m'sitolo kapena yosambitsa ndi kudyetsa odwala, ya malipiro otsika kwambiri. Chiphaso cha LPN chimam'bwezera pa ntchito imene anaiphunzira. Kumeneko amazoloŵera kulemba za odwala pa kompyuta, kumva kalankhulidwe ka eni dziko, ndi kudziŵa maina a mankhwala. Mankhwala amene ife timawadziŵa kuti paracetamol iwo amati acetaminophen, salbutamol amati albuterol, ndipo adrenaline amati epinephrine. Odwala ambiri amatchula kulemera kwawo m'mapaundi, ndi kutentha kwa thupi pa muyeso wa Fahrenheit. Zinthu zotere munthu amazigwira msanga pa ntchito kusiyana ndi m'buku. Mwa ichi tiona kuti njira imeneyi siyochititsa manyazi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zoyenera kuchenjera nazo

Komabe njirayi ili ndi maenje ake, ndipo loyamba likukhudza achinyamata amene akali kwawo. Lamulo la America lili ndi mndandanda wotchedwa Schedule A, wa ntchito zimene antchito ake akusoŵa m'dzikomo, kotero kuti chipatala chimatha kuitanitsa mlendo popanda kuyamba chaonetsa kuti nzika yoyenera ntchitoyo yasoŵa. RN ali pa mndandanda umenewu, koma LPN palibe. Choncho kuyambira pa LPN kumathandiza munthu amene ali kale ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo, monga amene anatsatira mwamuna kapena mkazi wake, kapena anatengedwa ndi makolo. Munthu akakuuzani kuti mum'patse ndalama kuti akupezereni ntchito ya LPN pamodzi ndi chilolezo choloŵera m'dzikomo, mufunse kaŵiri musanatulutse khobidi. Kumbukiraninso kuti malamulo oloŵera ku America akhala akukhwima. Mu August 2025 boma lawo linayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa anthu a ku Malaŵi ndi Zambia opempha chilolezo chokacheza. Ndipo chilolezo chokacheza sichilola munthu kugwira ntchito.

Chachiŵiri, si zigawo zonse zimene zimalola wophunzira za RN kulemba mayeso a LPN. Zimene zinatheka kwa mnzanu ku California sizingatheke paliponse. Lembani kalata ku bungwe la chigawo chimene mukukhala, ndipo yankho lake mulisunge. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, amene wavomera chiphaso cha LPN avomerenso malire ake. Namwino amene kwawo anali mkulu wa wodi, mwinanso mzamba wodalirika, adzapeza kuti akulandira malangizo kwa RN wamng'ono amene wangotuluka kumene m'sukulu. Manja ake akudziŵa ntchito zambiri zimene chiphaso chake sichimulola kuchita. Akachita ntchito yopyola malirewo, ngakhale aichite bwino, bungwe lingam'lange, ndipo chilangocho chimalembedwa, nichidzam'tsata pa tsiku lopempha chiphaso cha RN. Pamenepa pamafunika kudzichepetsa kwenikweni, kumene kuli kovuta kwa munthu wodziŵa.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chimagwetsa ambiri, ndi kukhazikika pa malo amene anayenera kukhala ongopumirapo. Malipiro akayamba kubwera, munthu amatenga ngongole ya galimoto, amasamukira m'nyumba yabwinopo, ndipo kumudzi amayamba kum'dalira pa fizi, feteleza, malata ndi maliro. Kuti akwanitse zonsezi amawonjezera maola a ntchito, mwinanso kugwira malo aŵiri. Munthu amene wayimirira usiku wonse sangathe kuŵerenga m'maŵa. Chaka chimatha, china n'kuthanso, ndipo zimene anaphunzira kusukulu zimanka ziiŵalika. Akalemba mayeso asanakonzeke amataya ndalama ndi mtima womwe. Ku Florida munthu wolephera katatu motsatizana amayenera kuchita maphunziro obwereza asanaloledwe kulembanso. Tikaŵerengera kusiyana kwa malipiro kumene tatchula kuja, chaka chilichonse chochedwa chimam'tayitsa madola oposa 30,000.

Chachisanu ndi chiyeso cha njira yachidule. Mu January 2023 boma la America linaulula chinyengo chachikulu pa kafukufuku wotchedwa Operation Nightingale. Masukulu ena a unamwino ku Florida anagulitsa masatifiketi abodza oposa 7,600, ena pa mtengo wofika madola 15,000, kwa anthu ofuna kulemba mayeso a NCLEX asanachite maphunziro oyenera. Anthu 25 anazengedwa mlandu poyamba, ndipo mabungwe a zigawo anayamba kufufuza ndi kulanda ziphaso za ogulawo. Anthu amene anali atakhala zaka akusamala odwala anataya ndalama, ntchito ndi mbiri yawo yomwe. Pepala la namwino limaimira moyo wa wodwala amene sangathe kudzifufuzira yekha ngati womubaya jekeseniyo anaphunziradi.

Mawu kwa achinyamata ndi makolo

Inu achinyamata amene mukuphunzira unamwino, sungani bwino zonse za maphunziro anu: mndandanda wa maphunziro, maola a m'kalasi ndi a m'wodi, ndi masiku ake. Musalole chiphaso chanu cha kwanu kutha ntchito, pakuti chidzafunika pochitira umboni. Ngati muli kale ku America ndipo mwasankha kuyambira pa LPN, tumizani mapepala a RN pa nthaŵi yomweyo, ndipo mudziikire mwezi ndi chaka chimene mudzalembe mayesowo. Uzani munthu wina wokhulupirika tsiku limenelo kuti azikukumbutsani. Ndipo ngati mapepala anu a RN alandiridwa kale, ndipo muli ndi chokuthandizani kwa miyezi ingapo, palibe chifukwa chozungulira. Ŵerengani mwakhama, mukalembe mayeso a RN.

Amene mukali kwanu, dziŵaninso kuti mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Malaŵi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe pa mndandanda wa maiko 55 amene akusoŵa kwambiri antchito a zaumoyo. Kupita kunja ndi ufulu wa munthu, koma muziyese bwino zonse, podziŵa kuti luso limene kunja lidzayamba lakayikiridwa, kwanu likufunika lero lomwe.

Ndipo inu makolo, mwana wanu akakulemberani kuti wayamba ntchito ya LPN, musam'dzudzule, ndiponso musamubise kwa anansi ngati walakwa. Akugwira ntchito yolemekezeka, yosamala makolo a anthu ena pa ukalamba wawo. Thandizo lalikulu limene mungam'patse ndi kuchepetsa zopempha zanu kwa chaka chimodzi kapena ziŵiri, ndi kuuza abale kuti achite chimodzimodzi, kuti apeze maola oŵerengera. Polankhula naye pa foni, funso lanu loyamba lisakhale la ndalama. Mum'funse za moyo wake, ndiponso kuti mayeso a RN adzalemba liti.