Buku la Mwana Lisankhidwe ndi Khutu

Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, ana adadzaza m'makalasi koma mabuku adaperewera. Mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro udakhazikitsa National Reading Programme mothandizidwa ndi bungwe la USAID, limene boma la America lidatseka mu 2025. Popeza thandizo lotere silikhalitsa, mphunzitsi wa Sitandade 1 ayenera kusankha mwanzeru buku lililonse limene awerengera ana ake.

Muyeso wake ulipo kale m'nthano za kumudzi. Wokamba akati "Padangotero," omvera amavomera kuti "Tili tonse," ndipo pakati pa nkhani pamabwera nyimbo yoyimba onse. Buku labwino nalonso litero: likhale ndi ziganizo zazifupi, mawu obwerezabwereza oti ana azivomera, ndiponso mwininkhani mmodzi, monga Kalulu, amene wagwa m'vuto loti ana alakelake kumva mathero ake.

Choncho mphunzitsi ayambe waliwerenga yekha mokweza asanalowe nalo m'kalasi. Ngati lilime lake likupunthwa, anawo sadzatchera khutu. Mwana amene buku lamugwetsa ulesi akali wamng'ono savomera msanga kulitsegulanso atakula. Pajatu kuwongola mtengo m'poyamba.