Famu ikagulitsidwa, mitengo ndiyo iyamba kugwa

Tulukani ku Woodlands mu Lusaka kulowera msewu wa Leopards Hill, kapena dutsani Chelstone kupita chaku Chongwe. Pomwe kale panali mizere ya malalanje, mapeyala ndi mango, lero pali mipanda ya njerwa. Eni mafamu aja akalamba. Ana awo ali m'maofesi m'tauni, ena ku Johannesburg, ndipo palibe wofuna kudzuka m'mbandakucha kukathirira.

Ine sindingawadzudzule agogo ogulitsa famu yawo. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema adachilengeza kuti ndi tsoka la dziko, chidaphwetsa madzi ku Kariba. Magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, mapampu ali duu, zipatso n'kumayoyoka zisanakhwime. Zotsalazo mukapita nazo ku msika wa Soweto, wogula ndiye amanena mtengo, pomwe m'mashopu akuluakulu mwadzaza malalanje a ku South Africa. Munthu wa imvi, msana ukuwawa, apirira mpaka liti?

Chondiwawa n'chakuti wogula famu masiku ano safuna zipatso, akufuna mapuloti. Lusaka, yemwe adakhala likulu mu 1935, tsopano ali ndi anthu opitirira 2 miliyoni, ndipo aliyense akulakalaka pake pomanga. Peyala womezanitsa amatenga zaka zitatu kapena zinayi kuti ayambe kubereka, koma makina amagwetsa munda wonse tsiku limodzi. Kenako puloti iliyonse ikumba chitsime chake ndi dzenje lake la zonyansa, pamwamba pa miyala yamabowo yomwe imasunga madzi amene tonse timamwa. A ku Chalala akuidziwa bwino nkhaniyi.

Mwa lamulo la malo la 1995, nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti. Ife timangobwereka kwa zaka zosapitirira 99. Pogulitsa pamafunika chilolezo cha boma ndi msonkho wa ZRA, ndipo famu siisanduka malo a nyumba popanda akuluakulu oona za mapulani kuvomera. Mphamvu yokana ali nayo. Aigwiritse ntchito, makamaka pomwe pali madzi apansi.

Nanu makolo, musanasaine, khalani pansi ndi ana onse, aakazi ndi aamuna. Alipo achinyamata ophunzira ulimi ku koleji ya NRDC amene alibe ndalama zogulira koma angathe kubwereka munda n'kumakulipirani mwezi ndi mwezi. Ngati kugulitsa sikungapeweke, dulani mbali yopanda mitengo, ndipo muyambe mwafunsa mlimi mnzanu musanaitane wodula mapuloti.